Bwanji chidali cha nkhuku chimayera?

Funso: Mayi wina akudabwa kuti akamaduladula nkhuku yachikuda, chidali chimaoneka choyererako pomwe ntchafu n'zofiirira. Chimachititsa n'chiyani?

Yankho: Akatswiri a zamoyo akuti nkhani yagona m'maselo. Mnofu ndi mtolo wa maselo aatali ngati ulusi. Mkati mwake, mapuloteni awiri, actin ndi myosin, amakokana, mnofu n'kufupika. Kukokanaku kumadya mphamvu.

Nkhuku imaswera kuyenda ndi kupalasa, choncho maselo a m'ntchafu ali ndi myoglobin wambiri, puloteni yofiira yosunga okosijeni. Satopa msanga.

Koma chidali chimagwira ntchito makamaka nkhuku ikati phaphapha, monga pothawa galu. Maselo ake amaphwanya shuga mwachangu osadikira okosijeni, n'kutopa posakhalitsa. Choncho alibe myoglobin wambiri, n'chifukwa chake chidali chimayera. Mosiyana ndi nkhuku, nkhunda imauluka mtunda wautali, ndiye chidali chake n'chofiira ndithu.