TSEKULANI CHIGAYO MUONE ZAM'KATI

Alimi anzanga, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu umakhudzanso makina.

M'minda ikuluikulu ya ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa muli makina okolola otchedwa kombaini, amene amamweta tirigu kapena soya, kupuntha ndi kupeta nthawi imodzi. Kukolola kukatha, eni ake amawatsekula kuti aone zitsulo zopunthira, chifukwa zikadyeka mbewu zina zimasweka ndipo zina zimatayika pamodzi ndi mankhusu. Kuno ku Makanjira timakolola ndi manja, koma tili ndi makina amene mudzi wonse umadalira. Makinawo ndi chigayo, ndipo nachonso chimayamba kutha m'kati kunja kukadali kowala penti.

Kuchokera ku Makanjira kukafika pa boma la Mangochi ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndipo kwa zaka zambiri msewu wake wakhala wovuta nthawi ya dzinja. Chigayo chikaima, mwini wake amataya ndalama ndipo amayi amabwerera ku mtondo kapena kusenza chimanga mtunda wautali.

Zizindikiro zoti m'kati mwatha

M'kati mwa chigayo muli shafuti imene imazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi. Pa shafutiyo pali timitanda tachitsulo pamene amakolekapo mahamala. Mahamalawo amamenya chimanga mpaka chitalala ndi kudutsa pa sefa. Mukaona izi dziwani kuti pali chimene chadyeka:

1. Ndowa imodzi ikutenga nthawi yaitali kusiyana ndi kale.
2. Dizilo kapena magetsi akutha msanga koma ogayitsa ndi omwewo.
3. Ufa ukutuluka wotentha kwambiri kapena wamiseremisere.
4. Chigayo chikunjenjemera kapena kulira mwachilendo.

Musanagwire sipanala, zimitsani injini kapena magetsi, dikirani kuti shafuti iime yokha, kenaka chotsani lamba.

Mahamala

Hamala yatsopano imakhala ndi ngodya zakuthwa. Ngodyazo zikadyeka n'kukhala zobulungira, hamala imangokankha chimanga m'malo mochiswa. Musafulumire kuitaya. Hamala ya bowo limodzi mungathe kuitembenuza kamodzi, pomwe ya mabowo awiri ili ndi ngodya zinayi zogwira ntchito. Koma tembenuzani mahamala onse tsiku limodzi, ndipo musasakanize atsopano ndi akale.

Chofunika kwambiri ndi kulemera kwake. Ikani pa sikelo mahamala a mtanda umodzi, kenaka ikaninso a mtanda woyang'anana nawo. Ayenera kulemera chimodzimodzi. Mbali imodzi ikalemera, chigayo chimanjenjemera, mabeyaring'i amatha msanga ndipo shafuti ikhoza kupindika. Izi zimachitika kawirikawiri ndi mahamala odulidwa ku masipuling'i akale a galimoto, popeza sadulidwa mofanana. Ngati ndi amene mwapeza, apimeni musanawamange.

Onaninso mabowo a mahamala ndi timitanda take. Bowo likatalika ngati dzira, kapena mtanda ukakumbika timizere, sinthani. Hamala yothothoka chigayo chikuthamanga imang'amba sefa, imaboola chitseko, ndipo ikhoza kuvulaza munthu. Musatseke mtanda ndi msomali kapena waya. Gwiritsani ntchito pini yake yeniyeni.

Sefa

Chotsani sefa ndi kuiyang'ana padzuwa. Mabowo akakula kapena akalumikizana, ufa umatuluka wokhakhala. M'mphepete mwa mabowo mukasalala, ufa umachedwa kudutsa ndipo umatentha. Sefa yong'ambika ndi yofunika kusintha. Pomanga yatsopano onetsetsani kuti yakhala bwino m'mphepete monse, apo ayi misere idzadutsa m'mbali.

Mabeyaring'i ndi lamba

Lamba ali wochotsa, gwirani shafuti ndi kuigwedeza m'mwamba ndi pansi. Ikamagwedera, kapena ikamamveka ngati muli mchenga pozunguliza ndi dzanja, beyaring'i yatha. Sinthani mbali zonse ziwiri pamodzi. Pa beyaring'i iliyonse pali nambala. Ilembeni bwino pa pepala musanatume munthu ku Mangochi kapena ku Limbe, kapena mpatseni yakaleyo atenge. Pomanga musaimenye ndi nyundo mwachindunji, koma gwiritsani ntchito paipi yokwana pa mkombero wake wam'kati. Thirani girizi pang'ono pafupipafupi. Girizi wochuluka amatenthetsanso beyaring'i.

Lamba wolefuka amaterereka ndi kuwononga mphamvu, pomwe wokungika kwambiri amapha mabeyaring'i. Mukamudina pakati ndi chala chachikulu azilowa pang'ono chabe. Ngati malamba ndi awiri kapena atatu, sinthani onse nthawi imodzi, ndipo kokani chingwe kuti muone ngati mapule ali pa mzere umodzi.

Powotcherera

Malata am'kati akabooka, wowotcherera angathe kuikapo chigamba. Koma yambani mwasesa ufa wonse, chifukwa fumbi la ufa limayaka msanga. Waya wa efi amangidwe pafupi ndi pamene akuwotcherera kuti magetsi asadutse m'mabeyaring'i. Hamala yong'aluka musaiwotcherere, itayeni.

Mukamaliza, zungulizani shafuti ndi dzanja kuti mumve ngati pali pamene pakukhula. Werengani masipanala anu musanatseke chitseko. Kenaka gayani madeya kapena chimanga chochepa ndi kutaya zotulukazo, kuti tizitsulo totsalira tisalowe mu ufa wa anthu.

Nanunso ogayitsa muli ndi mbali

Mdani wamkulu wa chigayo kuno kunyanja ndi mchenga. Chimanga kapena makaka a chinangwa oyanikidwa pansi amatola mchenga ndi timiyala, ndipo izi zimadya mahamala ngati tupa. Zimene zadyekazo zimathera mu nsima yathu. Yanikani pa mphasa kapena pa thandala, petani bwino, ndipo mphale yonyika iume kaye chifukwa yonyowa imatseka sefa. Eni chigayo mangani maginito pamene chimanga chimatsikira kuti agwire misomali. Ngakhale maginito a sipika yakale ya wailesi amathandiza.

Mahamala ndi sefa muziyang'ana sabata iliyonse. Kutsekula chigayo chonse kuchitike kawiri pa chaka: mu Okutobala mvula isanayambe, ndi mu Malichi chimanga chatsopano chisanafike. Sungani seti imodzi ya mahamala, sefa, mabeyaring'i awiri ndi lamba, ndipo lembani m'kabuku tsiku limene mwasintha chitsulo chilichonse. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.