Injini Yomanga pa Njinga Yakapalasa: Kuipatsa Mphamvu Osawononga Ndalama

Pali injini yaing'ono ya petulo imene imamangidwa pakati pa felemu ya njinga yakapalasa, n'kumakoka tayala lakumbuyo ndi tcheni chakechake cha mbali yakumanzere. Zambiri zimapangidwa ku China, ndipo zimabwera m'katoni pamodzi ndi thanki ya malita awiri, kabuleta, ekizozi, tcheni ndi sipuloketi, lija gudumu la mano lomangidwa pa tayala. Mapedulo sachotsedwa. Mumayamba mwapalasa, njinga ikatenga liwiro n'kusiya kilatchi, injini n'kulira. Petulo akakutherani panjira mumakafikabe kwanu ndi miyendo.

Pa katoni amakonda kulembapo 80cc. Musatengeke nazo. Pisitoni ya mamilimita 47 m'lifupi, yoyenda mamilimita 38 kukwera ndi kutsika, imapereka 66cc basi, ndipo injini zina ndi za 48cc. Pamalo a see, injini yotere imathamanga makilomita pafupifupi 40 pa ola. Ambiri akaona kuti yawo ikulephera chitunda amathamangira kugula zitsulo zatsopano, chonsecho mphamvu zambiri zimene akufunazo zili kale m'injinimo, zikungotayika chifukwa cha kamangidwe kosalongosoka. Sipanala, tupa ndi kuleza mtima zimabweza zambiri kuposa chikwama.

Yambani ndi njinga

Njinga inapangidwira miyendo ya munthu. Mabuleki a ndodo a njinga zakuda zija sanakonzedwere liwiro la injini, makamaka mvula ikanyowetsa limu. Ikani mabuleki ogwira kutsogolo ndi kumbuyo musanaganize zowonjezera liwiro. Onaninso masipoko akumbuyo, chifukwa sipuloketi imagwira pa iwo kudzera m'malabala awiri ndi mabawuti. Ikakhala yopendekeka ngakhale pang'ono, tcheni chimathina n'kumasuka pa kuzungulira kulikonse, masipoko n'kuyamba kuthothoka limodzilimodzi.

Choopsa kwambiri pa njinga yonseyi ndi kagudumu kokungira tcheni. Kamangogwira pa felemu ndi mabawuti, ndipo kakamasuka kamapindikira m'masipoko, tayala n'kuima nthawi yomweyo muli pa liwiro. Kamangeni zolimba ndipo muzikagwedeza ndi dzanja m'mawa uliwonse.

Petulo ndi oyilo

Injini iyi ilibe posungira oyilo. Oyilo amasakanizidwa ndi petulo, ndipo ndi yekhayo amene amafewetsa pisitoni ndi mabelingi. Gulani wolembedwa 2T, osati wa galimoto, ndipo wakuda wokhetsedwa ku galaji musamuyandikire n'komwe. Injini ikadali yatsopano, opanga ambiri amalangiza mamililita pafupifupi 50 mpaka 60 pa lita imodzi ya petulo, uku mukuyenda modekha mathanki angapo oyamba. Ikakhazikika, mamililita 40 pa lita amakwana. Yezani ndi sirinji, osati ndi maso, ndipo sakanizirani m'chigubu musanathire m'thanki.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982. Ethanol amakoka chinyezi ndiponso amaumitsa timapaipi totchipa, choncho musasunge petulo wosakaniza kale kwa miyezi, ndipo kapaipi kakauma kasintheni kasanang'ambike pamwamba pa injini yotentha.

Potsika mtsetse wautali, musalole tayala kumazunguza injini mutatseka moto. Petulo akamalowa wochepa ndiye kuti oyilo nayenso akulowa wochepa. Gwirani kilatchi, mabuleki agwire ntchito yawo.

Mpweya wolowera kuseri

Mpweya wonse uyenera kudutsa m'kabuleta. Ukamalowera pa gasiketi yong'ambika kapena pakhosi pamene kabuleta yavekedwa, petulo amachepa, injini imatentha, ndipo imathamanga yokha mukagwira kilatchi. Lowetsani kabuleta mpaka ifike pamapeto pa khosilo, mangani, ndipo gasiketi yokayikitsa isintheni. Mukamasula, yang'anani ngati bowo la gasiketi likulingana ndi bowo la silinda. Nthawi zambiri gasiketi imatseka mbali ya njira, polowera petulo ngakhalenso potulukira utsi. Ichepetseni ndi kampeni kakuthwa. Zotsalira za kuwotcherera m'kamwa mwa ekizozi zipaleni ndi tupa, mutaichotsa pa injini kuti tizitsulo tisalowe m'silinda. Ntchito imeneyi ndi yaulere, koma kusintha kwake mumakumva pa chitunda choyamba.

Manati a pamutu pa silinda amamasuka injini ikatentha n'kuzizira kangapo. Amangeni injini itazizira, modumphitsa, pang'onopang'ono. Kukakamiza kumathyola bawuti.

Funsani pulagi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Injini imafuna petulo ndi mpweya pamlingo woyenera, ndipo zambiri zimachoka ku fakitale zikumwa petulo wopitirira. Mumazindikira ndi kalilidwe: mukatsegula moto wonse imabwebweta m'malo molira mosalala, utsi uli tolotolo, ekizozi ikudontha zakuda.

M'kabuleta muli zinthu ziwiri zosinthika. Choyamba ndi singano, imene imalamulira petulo moto ukakhala wapakati. Kumutu kwake kuli timizere momwe mumalowa kachitsulo kogwirira. Kukweza kachitsuloko mzere umodzi kumatsitsa singano, petulo n'kuchepa, kukatsitsa kumawonjezera. Chachiwiri ndi jeti, kabawuti kamkuwa kokhala ndi kabowo, kamene kamalamulira petulo moto ukakhala wonse. Zambiri zimabwera ndi jeti ya nambala 70. Ya 68 kapena 66 ili ndi bowo locheperapo.

Kumene mukukhala kuli ndi gawo lake. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho jeti yoyenda bwino ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kuli kotsika kwambiri, imamwetsa injini mopitirira ku Dedza, mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Ulendo wotsika ndiye woopsa: amene wachepetsa jeti ku Dedza n'kutsikira nayo ku Salima akhoza kuotcha injini.

Musamangoganizira. Tenthetsani injini, thamangani ndi moto wonse pa msewu wopanda anthu, kenako zimitsani ndi kugwira kilatchi nthawi imodzi. Masulani pulagi ikazizira. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino, musakhudzenso. Yakuda ndi yonyowa ikutanthauza petulo wochuluka. Yoyera mbuu ikutanthauza petulo wochepa, ndipo pamenepo bwererani msanga pa jeti yaikulu, chifukwa pisitoni ikhoza kumatirira m'silinda. Petulo wochulukirapo pang'ono amangodetsa pulagi. Wochepa amapha injini. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Pulagi yobwera ndi injini siikhalitsa. Ambiri amaikamo NGK B6HS, mpata wa pansonga mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Sefa ya mpweya itsukeni kawirikawiri m'nyengo ya fumbi. Kuichotsa kuti injini ipume n'kudyetsa pisitoni mchenga.

Mano a sipuloketi

Injini iyi ilibe magiya osintha, ndiye giya lanu ndi sipuloketi yakumbuyo. Yobwera m'katoni kawirikawiri imakhala ya mano 44. Ya mano 36 imawonjezera liwiro pamalo a see koma imafooka pachitunda, ndipo kilatchi imatha msanga ponyamuka. Wonyamula matumba a chimanga, makala kapena munthu pa kaliyala asankhe ya mano 50 kapena 56. Liwiro litsikako, koma njinga idzakoka, injini osatopa. Kwa wakabaza ndi mlimi, kumeneku ndiye kugula kwanzeru kuposa kwina kulikonse. Ponyamuka ndi pachitunda thandizani ndi mapedulo.

Ekizozi ikadzaza mwaye injini imabanika, choncho muziimasula n'kuipala. Kuiboola kapena kuchotsa zam'kati kumangowonjezera phokoso ndi kudana ndi anansi. Ekizozi yamimba yogulitsidwa padera imawonjezeradi mphamvu, koma imafuna kuyezanso jeti, ndipo ibwere pomalizira, zina zonse zitalongosoka. Zopala mutu wa silinda ndi kukulitsa mabowo a m'kati zisiyireni amakaniko ozidziwa, chifukwa chitsulo chikapalidwa sichibwerera.

Njinga ikakhala ndi injini, malamulo a pamsewu akhoza kuiona mosiyana ndi yakapalasa wamba. Musanayambe kunyamula anthu, kafunseni ku ofesi ya Road Traffic za kalembera ndi laisensi. Valani helemeti, wokwera wanunso avale, ndipo usiku musayende opanda nyali kutsogolo ndi kumbuyo.