PHUNZIRO LA ZAPAKHOMO: KUYALA KAPETI PA MASITEPE

M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu muli nyumba zambiri zosanjikizana. M'matchalitchi mwathu namo muli masitepe okwerera ku guwa, ndipo kawirikawiri ndife amayi amene timasonkha ndalama zogulira kapeti woyala pamenepo. Phunziro lathu lero ndi ili: kapeti wa pa masitepe ayenera kugwira nji pa sitepe iliyonse. Kapeti woyendayenda ndi msampha kwa agogo, ana ndi mayi wobereka mwana kumbuyo. Ndi bwino masitepe akhale opanda kanthu kusiyana ndi kukhala ndi kapeti wongoponyedwa.

1. Yezani musanagule

Sitepe ili ndi mbali ziwiri: popondapo phazi, ndi mbali yoimirira. Tengani tepi yoyezera kapena chingwe, muyeze mbali zonsezi mozungulira mlomo wa sitepe. Tiyerekeze kuti popondapo ndi masentimita 25 ndipo mbali yoimirira ndi 18. Pamodzi ndi 43. Masitepe akakhala 13, mufunika masentimita 559. Onjezerani 50 opindira, ndiye kuti mugula mamita 6 ndi masentimita 9. Yezani sitepe iliyonse payokha, pakuti amisiri ena sawamanga ofanana.

Kapeti wa pa masitepe amakhala wautali koma wopapatiza, nthawi zambiri masentimita 60 mpaka 70 m'lifupi. Ngati masitepe anu ndi masentimita 90 ndipo kapeti ndi 70, patsala 10 mbali iyi ndi 10 mbali inayo. Lembani malire amenewa ndi choko pa sitepe iliyonse kuti kapeti asapotoke.

2. Sankhani mwanzeru

Gulani kapeti wa ubweya waufupi ndi wothithikana. Waubweya wautali amakoma kuphazi koma amabisa mlomo wa sitepe. Maluwa ambiri nawonso amasokoneza maso a okalamba. Pemphani wogulitsa akusokereni m'mphepete kuti ulusi usamasosoke. Mukasisita kapeti ndi dzanja mudzaona kuti ubweya wake unagonera mbali imodzi. Muyale kuti ubweyawo uloze kumunsi kwa masitepe. Akatero sakutha msanga ndipo savuta kusesa.

3. Konzani masitepe

Sesani, kolopani, ndipo dikirani paume. Zulani misomali yotuluka, khomani thabwa logwedera, matani simenti pamene pagumuka. Ngati mukufuna kupenta m'mbali, pentani kapeti asanafike. Kenaka dulani tizidutswa ta chofunda chapansi, chija amati underlay, kuti kachidutswa kalikonse kaphimbe popondapo ndi mlomo wa sitepe. Tikhale tocheperako m'lifupi kuti tisaonekere.

4. Kumangirira

Pa masitepe a matabwa, amisiri amakhoma timatabwa tokhala ndi minga yachitsulo totchedwa gripper: kamodzi kumbuyo kwa popondapo, kena m'munsi mwa mbali yoimirira, minga yonse italoza pangodya. Kapeti amakokedwa zolimba ndi kukanikizidwa pampata wa pakati pa timatabwato ndi chitsulo chosathwa. Pa masitepe a simenti, amene ndiwo ochuluka kwathu kuno, msomali wamba sulowa. Pamenepo pafunika guluu wa kapeti, kapena itanani mmisiri aboole ndi kuika ndodo zachitsulo zopanira kapeti pangodya ya sitepe iliyonse. Gwirani ntchito awiri: wina akoke, wina amangirire. Malizani sitepe imodzi musanapite pa inzake.

Ngati simunamate ndi guluu, chotsala chija musachidule. Chipindireni mkati pa sitepe yapansi. Kapeti amayamba kutha pamlomo wa sitepe, ndiye pakapita zaka mukhoza kumumasula ndi kumusuntha pang'ono kuti pothetheka pagwere pangodya.

5. Malo opumira

Pamene masitepe athera kapena kukhota pamakhala malo athyathyathya. Kapeti wa pamenepa ayezedwe payekha. Ngati ndi wa mtundu womwewo, apitirire mlomo wa sitepe yapamwamba ndi kutsika mbali yoimirira, kuti akakumane ndi mnzake pangodya. Musalumikize makapeti pamlomo wa sitepe, chifukwa phazi limakodwa pamenepo. Pakhomo la chipinda panani m'mphepete ndi kachitsulo kopyapyala. Ndipo chonde, musaponye kachiguduli kapena mkeka pamwamba pa masitepe.

6. Kusamala

Mukamaliza, kwerani ndi kutsika kangapo, mukukankha kapeti ndi phazi. Akasuntha, ntchito sinathe. Sesani kawirikawiri kuchokera pamwamba kutsika, chifukwa mchenga umadula ulusi. Madzi akatayikira, pukutani msanga. Kamodzi pamwezi yang'anani ngati pali pofutukuka kapena pong'ambika, mukonze tsiku lomwelo. Kumbukirani kuti kapeti salowa m'malo mwa chogwirira ndi nyali yowala bwino.

Mafunso okambirana m'magulu

(a) Kodi kunyumba kwanu kapena kutchalitchi kwanu alipo kapeti wongoyalidwa osamangirira? Ndani angagwe naye?

(b) Masitepe atatu, popondapo masentimita 30, mbali yoimirira 15: mugula kapeti wotalika bwanji?

(c) Posonkha ndalama za kapeti, kodi mwawerengerako za guluu ndi za mmisiri?

Sankhani amayi awiri akayeze masitepe sabata ino, ndipo adzabweretse miyeso pa msonkhano wotsatira.