Phunziro: Limba la Mapaipi Kapena la Dijito? Tiyambe Tawerengera Mtengo

Kuwerenga: Salimo 150 ndi Luka 14:28-30



Phunziro la ulendo uno labadwa ndi dandaulo limene takhala tikulimva pa misonkhano yathu. Parishi ikafuna choyimbira, akulu a mpingo amayang'ana kwa ife amayi. Ndife timakazinga mandasi ndi zitumbuwa, ndife timasoka, ndife timavina pa Pepa Sande mpaka mbale itadzaza. Koma tsiku logula likafika timangouzidwa kuti katundu uja wafika, bwerani mudzalulutire. Thukuta ndi lathu, tsono tiyenera kudziwa chimene chikugulidwa, ndi kukhala ndi mawu pamene nkhaniyi ikukambidwa mu khonsolo ya parishi.

Tiyambe ndi limba lakale lija, limene ena amati ogani ya mapaipi. Ganizirani zitoliro zambirimbiri, zina za matabwa, zina za chitsulo chofewa, zitaima pamwamba pa bokosi lodzaza mphepo. Woyimba akadina kiyi, kachitseko kamatseguka, mphepo n'kulowa m'paipi imodzi, paipiyo n'kulira. Paipi iliyonse ili ndi liwu limodzi lokha. Mzere umodzi wa makiyi a manja umakhala ndi makiyi 61, choncho mtundu umodzi wa mawu, umene oyimba amautcha sitopu, umafuna mapaipi 61. Mukafuna mitundu 10 ya mawu, mapaipi apitirira kale 600. Ena ndi aafupi ngati pensulo, ena amatalika pafupifupi mamita 10. Limba la m'tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Liverpool lili ndi mapaipi 10,268. Kale mphepo inkachokera ku mvukuto wonga wa osula makasu, ndipo pankakhala munthu wopopa kuseri mpaka nyimbo ithe. Masiku ano imapopa ndi injini ya magetsi, kotero tisanamizidwe kuti limba la mapaipi silifuna magetsi.

Choyimbira ichi n'chakale kuposa Eklezia. Anachiyambitsa ndi Ctesibius wa ku Alexandria, ku Egypt, zaka zoposa 200 Ambuye asanabadwe, ndipo Aroma ankachiliza m'mabwalo a masewera. Akhristu oyamba anayimba zaka mazana ambiri popanda limba, ndipo abale athu ambiri a mpingo wa Orthodox amayimbabe ndi pakamwa pokha mpaka lero. Tikunena izi chifukwa alipo ena amene amaona ngati mapaipi ndiwo oyera, magetsi ndi ng'oma n'zachikunja. Salimo 150 limatchula malipenga, azeze, zitoliro ndi zinganga pamodzi, osaika china pamwamba pa chinzake.

Ubwino wa limba la mapaipi sitingaukane. Mawu ake amadzaza nyumba mpaka munthu kumva m'chifuwa mukunjenjemera, ndipo likasamalidwa limakhalitsa modabwitsa. Ku Sion, m'dziko la Switzerland, kuli limba limene linapangidwa cha m'ma 1430, ndipo likulirabe. Koma mawu akuti "likasamalidwa" ndi olemera. M'kati mwake muli zikopa zopyapyala, nsalu ndi matabwa. Kukatentha mawu a mapaipi amakwera, kukazizira amatsika, choncho pamafunika mmisiri wodzalichuna chaka ndi chaka. Zikopa zimauma n'kung'ambika, ndipo pakapita zaka makumi angapo limba lonse limafunika kuphwasulidwa ndi kukonzedwanso. Tsopano onjezani za kwathu kuno: chiswe, makoswe, mileme ya kudenga, fumbi la mu Okotobala, chinyezi cha m'mphepete mwa nyanja. Amisiri a ntchitoyi ali kutali, ku South Africa kapena ku Ulaya, ndipo ulendo wawo ulipira ndi parishi.

Ngakhale kumaiko olemera nkhani yake ndi yomweyo. Pamene tchalitchi cha Akatolika cha Notre-Dame ku Paris chinapsa pa 15 Epulo 2019, limba lake lalikulu la mapaipi pafupifupi 8,000 silinapse, koma linakutidwa ndi fumbi la mtovu wa padenga. Anachita kulitsitsa paipi imodziimodzi, kutsuka ndi kubwezeretsa, ndipo linamvekanso mu Disembala 2024. Zaka zisanu ndi miyezi, chifukwa cha fumbi.

Apa tichenjezane. Ku England matchalitchi ena akutsekedwa, ndipo malimba ake amaperekedwa ulere kwa wofuna. Abwenzi a kunja akatilembera kuti tili ndi limba, kodi mulifuna, mtima umadumpha. Ife amene tinagwirapo unamwino timakumbukira chipinda china cha pa chipatala chimene tinkagwirako ntchito, mmene munadzaza makina a mphatso. Anabwera ndi nyimbo ndi zithunzi, anagwira ntchito miyezi yowerengeka, kachitsulo kamodzi katathyoka panalibe wodziwa kukonza ngakhale sitolo yogulitsa kena. Tinkangowapukuta fumbi. Opereka anali ndi mtima wabwino, ifenso tinachita manyazi kufunsa. Limba la ulere liyenera kuphwasulidwa ndi mmisiri, kupakidwa m'kontena, kuwoloka nyanja mpaka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kukwera lole, kenaka kumangidwanso ndi mmisiri yemweyo. Ambuye pa Luka 14 akunena za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi n'kuona ngati ali nazo zomalizira. Kuyankha kuti zikomo kwambiri, koma sitingathe kulisamala, si mwano ayi.

Tsono limba la dijito n'chiyani? Anthu anayamba kale kufunafuna njira yotsika mtengo. Agogo athu ankadziwa kalimba kopopa ndi mapazi kamene amishoni ankayenda nako. Mu 1935 ku America kunatuluka limba la magetsi la Hammond, limene matchalitchi ambiri osauka anagula. Koma la dijito lenileni linayamba kugulitsidwa mu 1971 ndi kampani ya Allen ya ku Pennsylvania. Lero aliponso a Rodgers, a Johannus a ku Netherlands, a Viscount a ku Italy ndi ena. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Akatswiri amapita ku limba lenileni la mapaipi n'kujambula liwu la mapaipi ake, monga timajambulira kwaya. Mawuwo amasungidwa mu kompyuta ya m'kati mwa limba. Woyimba akadina kiyi, kompyuta imatulutsa liwu la paipi ija kudzera m'masipika. Mulibe mphepo, mulibe zikopa, ndipo silisowa kuchunidwa ngakhale kutenthe bwanji.

Kodi mawu ake amafanana ndi a mapaipi? Akatswiri amatsutsanabe. Nkhani ya tchalitchi cha Trinity ku Wall Street, mu New York, chimene ndi cha abale athu a Episcopal, ingatithandize. Pa 11 Seputembala 2001 nsanja ziwiri zija zitagwa pafupi nacho, fumbi ndi phulusa zinawononga limba lawo la mapaipi. Mu 2003 anaika la dijito lopangidwa ndi Marshall & Ogletree, ndipo linatumikira zaka zoposa 10 pamaso pa anthu odziwa nyimbo, ambiri n'kumaliyamikira. Pambuyo pake anaitanitsa lina latsopano la mapaipi. Ife tikuphunzirapo ziwiri. Limba la dijito lingatsogolere mapemphero mwaulemu ngakhale m'tchalitchi chotchuka. Koma amene ali ndi chuma chambiri amabwererabe ku mapaipi, ndipo Trinity ndi imodzi mwa maparishi olemera kwambiri padziko lonse. Ife si a Wall Street.

Maganizo athu ndi akuti kwa maparishi ambiri a kuno, ngati limba likufunikadi, la dijito ndilo loyenera. Koma ogulitsa sadzakuuzani zonse. Ili ndi m'bale wake wa wailesi ndi TV: limakalamba. Likatha zaka 20 kapena kupitirirapo, zipangizo zosinthira zimayamba kusowa, ndipo adzukulu athu adzasonkhanso ndalama. Mdani wake wamkulu ndi magetsi obwera mwamphamvu atazima, ndiponso mphezi ya m'dzinja. Choncho mtengo wa limba uphatikize kachipangizo koteteza ku magetsi otere, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika dzina amene ntchito yake ndi kuzula pulagi mapemphero akatha. Osati "aliyense", chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake wazula. Kumene magetsi amazimazima kapena kulibe, muwerengerenso sola, batire ndi inveta. Makoswe amatafuna mawaya, mphemvu zimakonda malo ofunda a m'kati. Chivundikiro cha nsalu yolimba tingasoke tokha, ndipo amayi osesa Loweruka aziyang'ana kuseri kwake.

Masipika nawo asanyozedwe. Theka la ubwino wa limbali lili pamenepo. Mukalilumikiza ku kasipika kamene abambo wansembe amalalikira, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, mudzangomva phokoso. Afunseni ogulitsa abwere nalo adzaliyese m'tchalitchi mwanu anthu atadzaza, musanalipire ndalama yonse, ndipo alembe papepala kuti likawonongeka adzakonza ndani, ali kuti.

Ena afunsa kuti, nanga kiyibodi imene tili nayo kale yalakwanji? Siinalakwe. Ndi yotsika mtengo, imanyamulika kupita ku maliro ndi ku zinkhoswe, ndipo pa makorasi imakoma. Kusiyana kwake n'kwakuti limba la tchalitchi lili ndi mizere iwiri kapena itatu ya makiyi a manja, ndi makiyi ena 30 kapena 32 oponda ndi mapazi, amene amatulutsa mawu a besi ochirikiza mpingo wonse. Liwu lake silizilala mpaka woyimba atachotsa chala, ndipo limapuma pamodzi ndi anthu. Pa kiyibodi anyamata athu amakonda kuyatsa ng'oma zake zodziyimba zokha, tsono mpingo umathamangira makina. Tamvapo nyimbo ya pa Lachisanu Loyera ikuyimbidwa ngati ya pa ukwati, amayi achikulire n'kungotseka mabuku. Vuto pamenepo si chipangizo, ndi kusowa kwa maphunziro.

Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Parishi imasonkha zaka ziwiri kugula choyimbira, koma siipatula ngakhale kwacha imodzi yophunzitsira woyimba. Mnyamata mmodzi wodziphunzira yekha akapita ku koleji kapena ku Joni, limba limakhala chete pansi pa nsalu. Chosangalatsa ndi limba la dijito n'chakuti munthu angaphunzire atavala mahedifoni, osasokoneza aliyense. Alipo ang'onoang'ono opangidwira m'nyumba, olowa pa khomo wamba. Kuyambira mu 2002 palinso pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Hauptwerk, imene munthu amalumikiza ku makiyi ake n'kumayimba ndi mawu ojambulidwa ku malimba otchuka a ku Ulaya ali pabalaza pake. Mabanja ambiri sangakwanitse zimenezi, koma kiyibodi wamba ya makiyi 61 ndi yokwanira kuti mwana ayambe kuwerenga manotsi ndi kuzoloweretsa zala. Za mapazi adzaphunzira kutchalitchi, ngati osunga kiyi wa chitseko amulola kulowa m'kati mwa sabata.

Tanena mwana, sitinanene mnyamata. M'matchalitchi athu ambiri atsikana amayimba ndi kuvina kutsogolo, koma pa mpando wa choyimbira pamakhala mwamuna. Palibe lamulo la Eklezia lotero. Mtsikana amene amasamala mbale za galasi kunyumba angasamalenso makiyi, ndipo mayi wa zaka 40 amene wakhazikika pa parishi sachoka msanga ngati mnyamata wa Fomu 4.

Pokambirana m'magulu mwanu, yambani ndi kufufuza: kodi m'chipinda chovalira ansembe kapena m'nyumba yosungira katundu muli choyimbira chimene chinafa, ndipo chinafa ndi chiyani? Pa ndalama zimene mukusonkha, ndi zingati zimene mungapemphe khonsolo kuti ipatule zolipira mphunzitsi wa nyimbo? Amayi a mlembi alembe mayankho, pamodzi ndi maina a atsikana kapena amayi awiri amene ali okonzeka kuphunzira, ndipo adzabwere nawo ku msonkhano wathu wotsatira.