Malangizo kwa Alimi a ku Thambani

Malangizo awa ndi a inu alimi a ku Thambani m'boma la Mwanza.

Manachesi a ku Mwanza ndi otchuka, koma mlimi akulirabe. Mavenda akugula zipatso zisanapse n'komwe, pamtengo wozizira. Thukuta n'lanu, phindu n'la ena.

Choyamba, musagulitse panokha. Khalani pagulu, mugwirizane mtengo wogulitsira. Khalani pagulu, abale anga.

Chachiwiri, thirani manyowa m'mitengo yanu. Mapesi ndi udzu musatenthe, phimbirani nthaka. Musatenthe ayi. Nachesi wamkulu, wamadzi, wogula sanyinyirika naye.

Nanunso ogula a paboma ndi a ku Blantyre, kaguleni kwa mlimi mwiniwakeyo.

Tibwerezenso: gulitsani pagulu, thirani manyowa, ogula pitani kwa mlimi.