Chitsa cha msuku chiposa mbande ya bulugamu

Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, dziko la Malawi limakhala m'nyengo yodzala mitengo. Ku Bembeke nakonso sukulu, mipingo ndi makomiti a chitukuko amadzala mbande zambirimbiri, ndipo zochuluka zimakhala za bulugamu ndi paini. Mitengo imeneyi njofunika, pakuti imakula msanga ndipo imapereka nkhuni, nsichi ndi matabwa. Koma munda wa bulugamu si nkhalango. Pansi pake sipamera manyame kapena ndelema, ndipo mwana sangatolepo suku ngakhale limodzi.

Chifukwa chake chili m'nthaka. Bowa amene amatuluka mvula ikagwa ndi chipatso chabe. Thupi lake lenileni ndi timaulusi toyera tomwe timakulunga mizu ya msuku, mombo ndi mchenga. Timaulusito timathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi chakudya cha m'dothi, ndipo mtengowo umadyetsa bowayo ndi shuga wopangidwa m'masamba ake. Mizu ikafa, bowa amatha. Mphalabungu, njuchi ndi mbalame zodya zipatso nazo zimachoka, ndipo mayi amene ankagulitsa bowa ndi masuku m'mbali mwa msewu wa M1 amasowa pogwira. Akatswiri akamanena za kuteteza zamoyo zosiyanasiyana amatanthauza unyolo woterewu, osati njovu ndi mikango yokha.

Mwayi ulipo ngwakuti mitengo yachilengedwe siifa msanga. Ikadulidwa, chitsa chimakhalabe ndi moyo pamodzi ndi mizu yake yozama, ndipo chimaphukira. Mphukira yotere imapirira chilimwe kuposa mbande ya ku nazale, chifukwa imayamwa ndi mizu yakalekale. Ntchito ya mwini malo njochepa: asankhe mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, asadze zotsalazo ndi chikwanje chakuthwa, ndipo aletse mbuzi kufikapo kufikira mitengoyo itatalika. Palibe machubu ogula, palibe kuthirira. Phiri limene linaoneka ngati lametedwa mpala limabiriwiranso m'zaka zowerengeka.

Mdani wamkulu wa mphukira ndi moto. Wa mu Seputembala ndi Okutobala, umene kawirikawiri umayamba ndi osaka mbewa kapena osuta fodya, umapeza udzu utauma gwa, ndipo umapsereza timitengo, mbewu zogwa pansi ndi zisa zomwe. Mudzi wosamala umalambula njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango mvula ikangotha. Pamene pafunika kutentha, utenthe mu Meyi kapena Juni, m'mamawa kapena madzulo, udzu udakali ndi chinyezi, motsogozedwa ndi mlangizi wa zankhalango.

Pa msuku pali chinthu chimene ambiri sachilabadira. Mtengowu ulipo waumuna ndi waukazi. Waumuna subala, motero nkhwangwa imayambira pa iwo; komatu mungu wake ndiwo umachititsa kuti waukazi ubereke. Wodula misuku yonse yosabala akudula masuku a chaka chamawa. Wofuna kufesa adziwenso kuti njere za msuku sizisungika: zifesedwe zikangochoka m'chipatso, m'dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, momwe muli timaulusi tija.

Bulugamu ali ndi malo ake, kumtunda ndi m'malire a minda. Pa kasupe ndi m'mphepete mwa dambo sayenera, chifukwa amamwa madzi ambiri, madzi omwewo amene alimi a kachewere ndi kabichi amadalira m'madimba nthawi ya chilimwe. Malo otere amafuna katope ndi mkuyu.

Lamulo nalo lili kumbali ya mudzi. Boma la Dedza lili ndi nkhalango zotetezedwa monga ya phiri la Dedza, ya Mua-Livulezi ndi ya Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula za m'mapanga amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Koma nkhalangozi sizingapulumuke ngati midzi yozizungulira ilibe mitengo yakeyake. Nchifukwa chake lamulo la zankhalango la 1997 limalola nyakwawa, mothandizidwa ndi Dipatimenti ya Zankhalango, kupatula malo amene sanagawidwe kwa munthu kuti akhale nkhalango ya m'mudzi. Anthu amasankha komiti yoyang'anira zachilengedwe, namvana malamulo awo: masiku otola nkhuni zouma, malo opachika ming'oma ya njuchi, chindapusa cha woyatsa moto. Komiti yopanda amayi imachepa nzeru, popeza iwo ndiwo amadziwa pomwe bowa wayamba kusowa. Lamuloli linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakula; kuotcha makala popanda chiphaso ndi mlandu.

Nkhalango ikabwerera, nyama zina zimabwereranso, ndipo imodzi mwa izo ifunika kuitchula. Ngaka imadya nyerere ndi chiswe, siluma munthu, ndipo imabala mwana mmodzi pa chaka. Ikaopsedwa imangodzipinda, motero wogwira savutika nayo. Malonda ake ngoletsedwa pa dziko lonse, ndipo chiyambire 2017 lamulo la nyama zakutchire limalola khoti kugamula zaka zofika 30 kwa wopezeka ndi nyama yotetezedwa chotere. Amalonda amene amalonjeza ndalama zambiri sapezeka pa tsiku la mlandu; amene amalowa m'ndende ndi mlimi wonyamula thumba. Woona ngaka aisiye ipite, kapena adziwitse mfumu ndi apolisi.

Mudzi wofuna nkhalango yake uyambire kwa nyakwawa, nkhaniyo ipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenaka kwa mlangizi wa zankhalango kuti adzathandize kuika malire. Ndi bwino zonsezi zithe mvula isanaleke, kuti pofika Meyi anthu akhale atayamba kulambula njira yotchinga moto.