NSAGWADA YANGA NDI MAYESO

Ine kwathu ndi ku Vinthukutu, m'boma la Karonga, kufupi ndi Chilumba. Anyamata a kumeneko nzimbe ndi cimanga cokazinga sitiziopa, ndipo kufikira caka catha sindinaganizepo kuti nsagwada nayo imatopa.

Mayeso ali pafupi, ndinayamba kudzuka ndi mutu wowawa m'mbali, ndipo poyasamula ndinali kumva kanthu kakuti "tha!" pafupi ndi khutu la kumanzere. Mnzanga wogona naye cipinda cimodzi anadandaula kuti usiku ndikukuta mano monga mbuzi yobzikula. Ndinamtsutsa ndithu, pakuti munthu wam'tulo sadzimva yekha. Nditapita kunyumba, agogo anati ndi njoka za m'mimba. Ndinamwa mankhwala a njoka, koma bvuto silinathe. Tsiku lina m'mawa ndinalephera kuluma cinangwa, ndipo apo ndinacita mantha, popeza ndinali nditamva kuti kafumbata amayamba ndi kuuma nsagwada.

Ku cipatala adotolo anayamba afunsa ngati ndinalasidwa ndi msomali kapena minga, ndi ngati khosi ndi msana zauma. Nditakana anati, "Mnyamata iwe, lowetsa zala zitatu zosanjikiza pakati pa mano." Zinalowa ziwiri zokha. Anati munthu wabwino amayasama mamilimita 40 kapena kuposa, ndiwo malo a zala zitatu. Zimene anandiphunzitsa ndi zimene ndawerenga pambuyo pace ndizo ndifuna kukuuzani.

Ikani zala patsogolo pa makutu anu, nimuyasame pang'onopang'ono. Cimene cikuyendaco ndi mutu wa pfupa la nsagwada ya m'munsi, pamene lilumikizana ndi cigaza. Mwa mafupa onse a nkhope limeneli lokha ndilo limayenda. Poyamba limatseguka monga citseko, kenaka limatsetsereka kunka kutsogolo, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kuyendera pamodzi nthawi zonse. Pakati pa mafupawo pali kanthu kofewa, koterera, konga kamtsamiro. Kakasuntha pamalo pace, ndiko kamalira kuti "tha!" pobwerera. Kulira kokha kopanda ululu si matenda ai. Anthu ambiri ali nako ndipo sikafuna mankhwala.

Nanga ululu ucokera kuti? Mu 1934 Dr. James Costen, sing'anga wa makutu ndi mmero wa ku St. Louis ku America, analemba kuti ucokera ku mano osakumana bwino, makamaka munthu akaguluka mano otafunira a m'kati. Kwa zaka zambiri madotolo a mano anakhulupirira zimenezi, napala mano a odwala kuti alingane. Koma ofufuza a pambuyo pace apeza kuti kakumanidwe ka mano kali ndi mbali yaing'ono cabe. Alipo anthu a mano opingasa amene samva kanthu, ndipo alipo a mano a ndondomeko yabwino, monga ine, amene abvutika. Dzino likapalidwa silimeranso, cifukwa cace masiku ano njira imeneyi sayambira.

Cimene cinandigwira ine ndi nkhawa. Munthu akakhala cete, milomo imatsekeka koma mano a m'mwamba ndi a m'munsi sakhudzana. Akada nkhawa amaluma mano osadziwa, usana powerenga ndi usiku m'tulo, kotero kuti minofu ya m'masaya ndi ya m'mbali mwa mutu imagwira nchito osapuma kufikira iwawa. Ine ndinali kuonjezera ndi kutafuna colembera pa phunziro la masamu. Akuti bvutoli limagwira akazi kuposa amuna. Tsono atsikana a Fomu 4 amene munandiseka, cenjerani.

Adotolo sanazule dzino. Anandiuza kuti ndileke nzimbe ndi cingamu, ndidye phala, nthoci ndi nsima yofewa ya kondowole, ndithowe tsaya ndi nsalu yobviika m'madzi ofunda, ndigone msanga, ndipo poyasamula ndigwirize cibwano ndi dzanja. Anandipatsanso mankhwala ocepetsa ululu a masiku ocepa. Cobvuta koposa cinali kuleka nzimbe. Patapita masabata atatu cala cacitatu cinalowa.

Aphunzitsi a Biology atamva nkhaniyi anandikumbutsa kuti kwathu nsagwada si yacilendo. Mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha, kufupi ndi Chilumba, nsagwada ya munthu wakale wochedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2,400,000. Anaipatsa nambala UR 501, ndipo nkhani yace mungaione ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Pfupa lace ndi locindikala ndipo mano ace ndi akuluakulu kuposa athu, oyenera zakudya zolimba. Ndinafunsa ngati iyenso anali kukukuta mano usiku. Aphunzitsi anaseka nati, "Ameneyo sanalembe mayeso a masamu. Khala pansi."